Dzanja Lamanzere la Themba

Lolemba, 4 Juni 2018, cha m'ma 10 koloko m'mawa

Ndakhala pansi tsopano. Mwana wagona. Amake apita kuchipatala ku unesi wawo. Nyumba yatsala ya ine ndi ntchentche ziwiri.

Kuzizira kwa pa Boma la Mzimba pano si kwa anthu. Kwathu ku Champhira kumazizira, inde, koma timasonkha chikuni. Pano simenti pansi, malata pamwamba, kambaula kamodzi ngati ka mbeta.

Anandituma kuno ndi Wallace, mwana wanga, pa foni kuchokera ku Joni. "Amama, ndapota, pitani mukathandize Scholastica kulera Themba, wantchito wathawa." Wantchito sathawa pabwino. Ndinasiya chimanga chosatonola, nkhuku m'manja mwa anthu.

Scholastica. Dzina lofuna kupumira pakati. Mkamwana wanga, wa ku Dedza. Kwawoko akuti salowola, koma atangomva kuti mwamuna ndi wa ku Mzimba anaudziwa msanga mtengo wa ng'ombe. Zathu zinagulitsidwa pa Jenda, ndalama n'kukwera basi.

Lero ndaona chinthu. Ndamupatsa Themba mbatata yootcha. Watambasula dzanja lamanzere. Ndabweza mbatata, ndamugwira lamanja, ndaika m'menemo. Wandiyang'ana. Wasamutsira kumanzere. Wadya. Zaka ziwiri ndi kanthu, mwano wa munthu wandevu.

Lachinayi, 7 Juni

Ndikumuyang'anira ngati khoswe wa m'nkhokwe.

Supuni ya phala, manzere. Kugenda nkhuku za eni, manzere. Kukoka mchira wa mphaka, manzere. Kukanda m'mutu ndiye lamanja, koma kukanda si ntchito.

Ndinawauza amake dzulo akuchotsa nsapato zawo zoyera zija. Anaseka. Kuseka ine. "Amayi, msiyeni. Pa msinkhu uwu mwana amakhala akuyesa manja onse. Mwezi uno ili, mwezi wamawa linalo. Ena amakhazikika atakwana zaka zitatu, ena zinayi. Ngakhale atakhala wamanzere, si matenda."

Akuti zili m'mabuku. Ine ndabala asanu ndi awiri, awiri ndinaika m'manda, lero ndiphunzitsidwe manja a ana ndi munthu wa mwana mmodzi? Dzanja lamanzere ntchito yake tonse timaidziwa. Ndi ya kuseri kwa nyumba. Lomwelo akapisenso m'mbale ya anthu?

Ndiwo zake za dzulo, mchere ngati akuumitsa nsomba. Ndinadya chifukwa cha njala.

Lamulungu, 10 Juni, masana

Manyazi. Ndikanakhala ndi dzenje ndikanalowamo ndi duku yemwe.

Nthawi ya chopereka ndamufumbatitsa kandalama m'dzanja lamanja, ndamugwira pa mkono mpaka kutsogolo. Pofika pa mbale, ndangophethira, kandalama kali kumanzere. Ngwee! Tchalitchi chonse chaona. Potuluka mdala wa mpingo wamupatsa moni, iye n'kupereka lomwelo, ngati akupatsa moni galu.

Panja amayi a Umanyano, bungwe lathu la amayi a mpingo, andizungulira. Mmodzi wa mano otalikirana uja, akumwetulira ngati akundithandiza: "NyaZgambo, mzukulu wanu wokongola chomene. Koma manzerewa watengera ndani?"

Ndaseka nawo. Koma funso landitsatira mpaka kunyumba.

Ndawerenga a kwa Thole onse. Malemu amuna anga, lamanja. Abambo awo amene anali ndi akazi atatu, lamanja. A Zondwayo alamu anga, mng'ono wa malemu, amaba ndi lamanja lomwe. Wallace, azichemwali ake, ana awo. Kwathu kwa Zgambo chimodzimodzi. Wamanzere palibe, ngakhale wa mankhwala.

Ndafunsa amake mwaulemu ngati kwawo aliko. "Sindikudziwa, amayi, sindinayendepo ndikuyang'ana manja a anthu." Yankho la munthu wobisa.

Lachiwiri, 12 Juni

M'mawa ndikuyanika matewera ndamva nkhwangwa kuseri kwa mpanda. Ndasuzumira pa bowo la udzu. Mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nayo, Bestone, wa ku Zomba, wosakwatira. Akuwaza nkhuni. Nkhwangwa ikuchokera kumanzere.

Ndaima pomwepo thewera likundidonthera pa phazi.

Ndi yemweyu anabwera sabata yatha kudzakonza babu wa pakhonde. Sanagogode n'komwe, anangoti "odi, a sisitala" ali kale m'kati. Themba akamuona amathamanga, "ankolo, ankolo". Kwa ine, agogo ake enieni, amabwera ngati akupita kukabayidwa jakisoni.

Ndakumbuka za NyaHara wa kumudzi kwathu. Mwamuna ali ku migodi, iye n'kubala mwana wamwamuna wamanzere. Anthu chete. Panali Yona wa ngolo, amene ankamutengera chimanga kumunda ulere, chikwapu chake nthawi zonse kumanzere. Anthu chete. Mnyamata anakula mpaka kumera ndevu. Mbwenu tsiku lina maliro, adzukulu atatopa, analowa m'dzenje awiri, Yona ndi mnyamata uja. Makasu awiri kugwera mbali imodzi, misana kupindika mofanana, kupukuta thukuta mofanana. Azimayi anasiya kulira n'kumayang'ana m'dzenje. Mwamuna wa NyaHara anali pomwepo, atavula chipewa. Sanadikire n'komwe kuti akwirire.

Magazi sanama. Pakamwa pamanama, mabuku amanama. Dzanja ayi.

Miyezi ndawerenga pa zala kuchokera Khirisimasi imene Wallace anabwera. Ikukwana. Koma miyezi imakwanira aliyense amene anali pafupi.

Loweruka, 16 Juni

Nkhondo.

Amake atapita ku ntchito ndinatenga sokosi ya Wallace, n'kuveka dzanja lamanzere la mwana, n'kumanga ndi kansalu pa mkono. Osati mothina. Kwathu ena amachita kuika dzanjalo m'madzi otentha, ine ndinachita mwachifundo. Phala analikana. Kulira mpaka kusanza. Supuni ndikamugwiritsa kumanja amangoitaya, n'kumaluma sokosi ngati kagalu.

Sindinadziwe kuti Loweruka amaweruka masana. Chitseko kwee. Anamumasula osandiyang'ana, n'kumupsompsona zala chimodzi chimodzi ngati zapsa. Kenako: "Amayi, ndimakulemekezani. Koma mukadzamumanganso mwana wanga, mudzagona pa depoti."

Mwana wanga. Ng'ombe zinali za ndani? Kuno mwana ndi wa kuchimuna, akafunse aliyense.

Ndinamuyankha kamodzi kokha. Ndinati, ukuliteteza chonchi dzanjali, ndi la ndani? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya sanamve, kaya anamva bwino lomwe. Analowa kuchipinda n'kukhoma.

Madzulo Bestone wabweretsa mapeyala m'jumbo. Akuti a mwana.

Lachitatu, 20 Juni

Ndachita.

Ndinabereka Themba mpaka kumsika, kwa Enifa wogulitsa tomato, mwana wa mlongo wanga, amene amanditcha ankhazi, ndiko kuti azakhali. Ali ndi foni ya Watsapu. Ndinamuuza kuti anditsegulire pojambula mawu, ndikufuna kuyankhula ndi Wallace. Tinapita kuseri kwa mabenchi a usipa.

Ndinanena zonse. Za supuni, za kutchalitchi, za nkhwangwa, za babu, za mapeyala. Za a kwa Thole onse ndi manja awo. Ndinati mwana wanga, iwe ukusenza njerwa ku Joni, kuno wina akukolola. Ndinayankhula bwino, sindiname, ngakhale mayi wa usipa anasiya kugulitsa.

Enifa chala chili m'mwamba: "Ankhazi, mwaganiza bwino? Mawu awa akapita sabwerera." Ndinati tumiza, iwe unabadwa ndikuona. Anatumiza. Tisanamalize kudya nthochi timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Akuti ndiye kuti wamva.

Nthawi yonseyi mwana ali kumsana, akusewera ndi khutu langa. Sindinaone kuti ndi dzanja liti.

Miyendo ikuwawa. Mtima wapepuka.

Lachisanu, 22 Juni

Wallace zii. Amaimbira mkazi wake tsiku lililonse tikamadya chamadzulo. Chiyambire Lachitatu, foni ili gone pa tebulo ngati chule wakufa. Mkamwana amaitembenuza, amaiyang'ana, amaiika. Dzulo anandifunsa ngati ndamvako za mwana wanga. Ndinati ine foni ndilibe, mwaiwala?

Atafune zimene anaphika.

Kanthu kena kakang'ono. M'mawa Themba watenga kapu ya tiyi ndi lamanja. Ndati mwina sokosi ija inagwira ntchito. Koma sokosi inakhalapo m'mawa umodzi wokha, ndipo Lamulungu ndi Lolemba anadyera kumanzere ngati kale.

Mwina lamanzere linali ndi chilonda. Ndayang'ana. Lilibe.

Lolemba, 25 Juni

Mwana uyu ndi wachinyengo ngati amake.

Loweruka supuni, lamanja. Dzulo kugenda nkhuku, lamanja, mwala n'kukagunda ndowa. Lero ndamuyesa dala. Ndaika mtedza pa mphasa mbali ya kumanzere kwake, pafupi penipeni ndi dzanja lakelo. Wadutsitsa lamanja pamimba, watola. Ndabwereza. Chimodzimodzi. Ndamupatsa khala kuti alembe pa simenti. Wayamba ndi lamanja, wasinthira kumanzere, wabwereranso kumanja, kenako walidya.

Ndamukalipira. Ndati iwe, sankha chimodzi, anthu akulu tayankhula kale. Waseka, mano akuda bii ndi makala.

Pa mpope ndinakumana ndi mkazi wa wapolisi wa nyumba yachitatu, wa ku Salima, wolongolola uja. Ndinafunsa mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Akuti, "Iii agogo, Linily wanga anali choncho. Chaka chatha chonse manzere, abambo ake mpaka kudandaula. Itafika Khirisimasi anangosintha yekha. Pano amadyera lamanja. Koma wa achemwali anga anayamba ndi lamanja, pano ali sitandade 2, ndi wamanzere weniweni." Sindinamufunse zonsezo. Anthu a kunyanja pakamwa sipatsekeka.

Pobwera ndi ndowa ndinayesa kukumbuka ana anga ali ngati Themba. Wallace ankagwira chikho ndi dzanja liti? Sindikudziwa. Ndinali kumunda, ndinali ku fodya, ndinali ndi mimba ina. Ankawadyetsa ndi azikulu awo. Ine ndinkawaona manja atakula kale, atagwira khasu. Mwana wa zaka ziwiri kumukhalira tsiku lonse n'kumamuyang'ana zala, ndayambira pano pa Boma, chifukwa chosowa chochita.

Ndinaganiza zopita kwa Enifa. Ndikanene chiyani? Kuti Wallace, mawu aja dikira kaye, mwana watola mtedza? Andiyese wamisala. Ndiyambe ndaona masiku angapo. Mwina abwerera kumanzere.

Ndinapemphera kuti abwerere kumanzere. Ndalemba, ndi zoona.

Lachinayi, 28 Juni, pa depoti

Ndikulembera pa bondo. Minibasi ya ku Jenda sinadzaze.

Wallace anaimba dzulo. Sindinamve mawu ake, ndinangomva mkamwana kuchipinda akuti "chiyani? chiyani?" Anatuluka foni ili m'manja. Wallace anamutumizira mawu anga aja. Anaika foni pa tebulo n'kutsegula mokweza.

Mawu ako omwe kuwamva akutuluka m'kabokosi. Ndimamveka ngati khwangwala. Mpaka mayi wa usipa akumveka kumbuyo akuti "eeh, eeh". Anandimvetsera zonse, osadumpha, ataima, manja atapinda pachifuwa. Pa nkhani ya mapeyala anaseka kuseka koipa.

Ndinadikira kuti atukwane. Ndinali nditakonzeka, mayankho ndinali nawo okwana mtanga. Sanatukwane. Anangoti, "Mwana wanu akuti Themba asatchulidwenso Thole mpaka akulu akambirane. Mwamulanda mwana bambo ake chifukwa cha supuni. Pakirani, amayi."

Akanatukwana bwenzi zili bwino.

Kumsika nkhani yafika kale ponseponse, pakamwa pa Enifa ndi pa mayi wa usipa. Bestone m'mawa uno anaima pa mpanda, maso ofiira. "Agogo, ine ndinakulakwirani chiyani? Akulu a sukulu andiitana." Ndinamuuza kuti mwamuna wosakwatira asamakonze mababu m'nyumba za eni. Pamenepo sindinalakwe.

Ndalama ya minibasi anaisiya pa tebulo, sanandipatse m'manja. Themba anandinyamulira patapata mpaka pa geti, akuganiza kuti tikupita kumsika. Atawona kuti ndikumusiya anagwira chitenje changa. Amake anachita kumumatula.

Za mtedza sindinanene.

Kondakitala akuti ndisunthe, ndakhalira malo a anthu awiri. Akauze amake.

Lachiwiri, 3 Julayi, kumudzi

Chimanga anankafumbwe alowa. Nkhuku zatsala zinayi, akuti chideru. Chideru chodya nkhuku zonenepa zokha.

A Zondwayo anabwera Lamulungu ndi ndodo yawo, nkhope yowala ngati apeza mkazi. Wallace wawaimbira. Akuti amuna akhale pa mphala, akambe, kenako iwo apite ku Dedza kukaitanitsa malowolo. Akuwerengera kale ng'ombe zimene sanawete.

Ndinati alamu, dikirani pang'ono, mwana uja wayamba kugwiritsa lamanja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mawu ndi anu omwe, tonse tawamva pa foni. Munayankhula bwino chomene. Lero mukufuna kumeza malovu amene munalavula?" Akuti mawu anga afika mpaka kwa anyamata a m'mudzi muno amene ali ku Joni ndi ku Kepi. Akumaitanizana kuti adzamve.

Dzulo ndinabwereka foni ya aphunzitsi a pano. Wallace anayankha. Ndinayamba kufotokoza za kapu, za mtedza, za khala. Sanandilole kumaliza. "Amama, wakupatsani chiyani kuti musinthe? Mwandichititsa manyazi kamodzi, musandichititsenso kawiri." Anadula. Mayunitsi a eni ake anathera pomwepo.

Pa foni munthu sungayale nkhani. Nkhani imafuna poyambira.

Enifa watumiza uthenga ndi wa kabaza. Akuti mkamwana wapempha kuti amusamutsire ku chipatala cha kwawo. Akuti akatenga mwana sadzapondanso ku Mzimba, malowolo abweza yekha ndi malipiro ake, pang'onopang'ono, mpaka tambala yomaliza. Ndimamudziwa, achitadi. Kunyada kuja.

Kusungulumwa kwa m'nyumba muno. Ndinazolowera kulimbana ndi munthu pa phala.

Lachisanu, 6 Julayi, dzuwa litangotuluka

A Zondwayo akuti anyamuka kumapeto a mwezi, akalandira za fodya. Suti apereka kale kochapa.

Lyson, mwana wa NyaShaba amene amatenga katundu wa anthu kupita naye ku Joni, anyamuka mawa pa Jenda. Ndamuitana abwere masana. Ufa ndi nyemba za Wallace ndamanga. Kope ili likwera nawo.

Ndinkalembera ndekha, si la munthu. Muli mawu amene sindikanafuna mwana wanga awaone. Ndaganiza zong'amba masamba ena. Ayi. Ndikang'amba adzati ndasankha zomuuza. Aone mmene zinayendera, tsiku ndi tsiku, kuyambira mbatata.

Wallace, sindikupepesa kwa mkazi wako. Mwano ali nawo, mchere amachulutsa, ndipo munthu wamkulu sauzidwa za depoti. Za Bestone sindinaone kanthu koposa nkhwangwa ndi mapeyala. Umboni wanga wonse unali dzanja la mwana, ndipo dzanjalo lasamuka. Mwina mawa libwerera kumanzere, mwina ayi. Mwanayo sanasankhe. Amene ndinafulumira kusankha ndine. Makutu ake ndi ako, otambalala ngati a mleme, amenewo sasintha mwezi ndi mwezi.

Tsono iwe Lyson. Ndikudziwa uwerenga panjira, mphuno yako ndi yaitali ngati ya amako. Werenga, palibe kanthu, mudzi wonse wandimva kale. Koma ukafika usapatsire munthu wina, usasiye kwa mlonda wa pa geti, usaike pansi pa thumba la ufa. Umupeze Wallace maso ndi maso. Uime pomwepo mpaka amalize. Akakana, umuwerengere ndiwe mokweza pamaso pa anzake omwe anamva mawu anga oyamba aja, nawonso amve. Akatha, aimbire a Zondwayo suti isanachoke kochapa, kenako aimbire mkazi wake. Akatukwanidwa apirire, ndi zanga zimenezo.

Ndapota, mwana wa NyaShaba, fulumira nalo. Mwana uja akapita ku Dedza, ine ndidzafa osadziwa dzanja limene anasankha.